Dona Fina ndi Anthu Awo a M'pepala

Sabata yatha tinakalambula manda a apongozi anga, Dona Fina, poti chaka chakwana chitisiyireni. Titabwerako ndinakhala pakhonde n'kutsegula foni, ndipo ndinapeza a Mdyeratu atayamba kale zokonzekera Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Yesu. Agula nkhuku imodzi yowonda, koma aitana kwaya yonse ya kutchalitchi. M'munsi mwake anthu alemba ndemanga mbwee, ena akuseka, ena akudzudzula Nagama kuti amalekerera mwamuna wake. Ndinawerenga mpaka pansi penipeni, ndikufunafuna mawu a munthu amene ndikudziwa bwino lomwe kuti sadzayankhulanso. Ndinawasowa apongozi anga, abale inu, mpaka chakudya chamasana chinandikanika.

Kwa inu amene simukuwadziwa, a Mdyeratu si munthu woti mungakumane naye pamsika. Ndi bambo wochita kujambula, wamimba ngati mtsuko, tsitsi limodzi lili njo pamutu. Amatuluka m'tizithunzi tondondozana m'nyuzipepa ina ya ku Malawi, iwo ndi mkazi wawo Nagama, ana awo, ndi Esinati, mnzake wa Nagama wa kuseri kwa mpanda. Koma kunena pamaso pa Dona Fina kuti amenewa si anthu kunali kuputa mavu. Ankawatchula kuti "anthu anga a m'pepala", ndipo ankawadandaula kuposa mmene ankadandaulira achibale ena.

M'zaka zomaliza, wojambula uja atayamba kuika zithunzi zake pa foni, ine ndinasanduka mlembi wawo. Ankandiitana ndili m'munda wa mbatatesi: "Make Nelito! Tabwera, Nagama wayambanso!" Ndikafika thukuta lili kamukamu, ankanditchulira zoti ndilembe, chala chili m'mwamba ngati katekisita. "Lemba kuti mkazi wanzeru sagula mpunga tsiku la festa, phwando litafika kale. Walemba? Lembanso kuti nkhuni za mu Disembala n'zonyowa, akanatola kale. Ndipo anzawo a Mdyeratu ovala zipewawo awachenjere, amaoneka pokhapokha pakamveka fungo la nyama." Ndikawauza kuti amayi, Nagama sawerenga zimenezi, ankandiyang'ana ngati ndapenga. Amvekere amene amamujambulayo ali ndi maso, akamuuza.

Iwo eni kuwerenga sankadziwa, ngakhale dzina lawo lomwe. Chibale chawo ndi anthu a m'pepala chinayambira ku Moatize, nthawi imene malasha anavundula tauni ija. Amuna ankachokera kumadera onse, a zipewa zolimba ndi nsapato zachitsulo kutsogolo, ndipo onsewo m'mawa ankafuna choika m'mimba. Dona Fina, mayi wamasiye wa ku Chipanga, anaika chiwaya chawo cha mandasi pakhonde la sitolo ya Abiti Sumani, mayi wachisilamu amene ankagulitsa sopo, mafuta ndi makapulana, zitenje zathu za kuno, m'mbali mwa msewu waukulu. Mapepala okulungira mandasi anali manyuzipepa akale, obwera m'mitolo kuchokera kumalire ku Zobwe. Mtolo ukafika, ntchito yoyamba inali kuufunyulula tsamba ndi tsamba kufuna a Mdyeratu. Munthu ankatha kuima akudikira, galimoto ya kuntchito ikulira kumsewu, iwo n'kumuuza kuti apirire, pepala ili lili ndi anthu, sangaikemo zamafuta.

Abiti Sumani ndiwo ankawerenga. Anakulira tsidya la Malawi, kusukulu anapondako pang'ono, ndipo anali ndi luso losintha mawu: a Mdyeratu ankawatulutsira m'mphuno, Nagama ndi mawu otopa a munthu amene wachapa tsiku lonse. Dona Fina ankamvetsera chipande chili m'manja, kenako n'kuweruza mlandu. Ankaitanana kuti "shamwali", ndiye kuti bwenzi mwa Chinyungwe cha kuchigwa kuja. Vuto linali loti mapepala a m'mtolo sabwera mwa ndondomeko. Natale ya a Mdyeratu inkatha kufika nthawi yokolola, ndipo tsiku lina anaona Esinati ali ndi pakati, pomwe dzulo lake anali atabereka khanda kumbuyo.

"Iii, shamwali, inanso? Uja sanayambe n'kukwawa komwe!"

"Ili ndi pepala lakale, shamwali. Mimba iyi ndi ya mwana yemwe uja."

"Lakale, latsopano, mimba ndi mimba. Mtsikana ameneyu uchembere udzamupha."

Esinati yemweyo ndiye ankawayambanitsa. Dona Fina sankamufuna n'komwe, ndipo chimene chinamudanitsa ndi poto. Pokonzekera Natale ina anabwereka poto wamkulu wa Nagama, n'kumuboola, n'kumata bowolo ndi sopo, n'kubweza osanena kanthu. Tsiku la festa madzi a mpunga anathera pamoto. Apongozi anga anaikamba nkhani ya poto ameneyu kwa zaka, ngati anali wawo. Ankati wakuba ali bwino chifukwa sakupatsa moni, koma mnzako wobisa kabowo amakuba uku akukufunsa kuti mwadzuka bwanji. Abiti Sumani ankamuikira kumbuyo Esinati. Ankati manyazi amachititsa munthu zinthu zimene mtima wake sukufuna. Zikafika apa mawu ankakwera, madalaivala a makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja, n'kugawikana, ena kwa a mandasi ena kwa a sitolo, mpaka mafuta kupserera m'chiwaya.

"Muzimukonda choncho, adzakubwerekani sikelo," ankatero Dona Fina.

"Inu akanakuikani kukhala woweruza, m'ndende bwenzi mulibe malo," ankayankha anzawo.

Ine ndinalowa m'banjamo nthawi imeneyo, nditakwatiwa ndi Zeka, mwana wawo, amene ankayendetsa chigalimoto cha mumgodi. Sipanathe mwezi anali atandipatsa kale dzina la Nagama, ati ndimayamba kusesa alendo ali pakhomo. Zinkandiwawa, ndisaname, ndipo tinkatha kukhala osayankhulana mpaka dzuwa kupendeka. Koma festa ndinaphunzira kwa iwo. Mvula yoyamba ikamagwa, mpunga unali utagulidwa kale n'kutsekeredwa m'ndowa, nkhuni zili pansi pa denga, mbuzi ili pachingwe ikudya madeya. Ndipo mbuzi imeneyo panalibe Mkhristu woikhudza ndi mpeni. Ankaizinga ndi Che Jafali, amuna awo a Abiti Sumani, moichinja mwa Chisilamu, mutu ataulozetsa koyenera n'kutchula dzina la Mulungu, kuti a kusitolo nawonso adye. Che Jafali atamwalira, mpeni unapita kwa mwana wawo Yusufu. Pa Idi mbale zinkayenda mobwerera, ife n'kudya mpunga wa zokometsera mpaka kulephera kuwerama. Dona Fina ankati nyama imene mnzako sangadye si ya festa, ndi ndiwo chabe.

Kenako mgodi unakula, anthu a ku Chipanga n'kuuzidwa zosamuka. Apongozi anga anapita kukaona nyumba zatsopano zimene anthu ankapatsidwa, n'kubwerako akunena kuti kumeneko sikudutsa anthu anjala, mandasi azikagulitsa kwa abuluzi. Anasankha kubwerera kwawo kumapiri a Zobwe, kwa achimwene awo a Bento. Ine ndi ana tinapita nawo, Zeka n'kutsala kuntchito. A Bento anatidulira munda ndi malo omangapo. Apa ndi pomwe ndinaona zachilendo. Mayi amene ankakalipira madalaivala akuluakulu anayamba kuyankha kuti "eya, achimwene" pa chilichonse. Anachoka kumudziko ali mtsikana, anabwerera ali wopempha, ndipo ankadziwa kuti alamu awo akuwawerengera mapazi.

Natale yoyamba ya ku Zobwe anaikonzekera ngati ukwati. Abiti Sumani analonjeza kufika m'mawa wa tsikulo, pamodzi ndi Yusufu ndi mpeni wake. Tinabwerako ku Misa, mbuzi ili pamtengo wa pichesi ikulira, alendo kulibe. Tinamva pambuyo pake kuti kamiyau ina inapingasa pachitunda, shapa imene anakwera, minibasi ya kuno, n'kuima pamzere wa magalimoto, kumalo koti foni sigwira. Dzuwa linafika paliwombo. A Bento anali atalawa kale kachasu, ana awo akuyasamula, akazi awo akuyang'ana mbuzi n'kuyang'ananso apongozi anga.

"Achemwali," anatero a Bento, "kodi pamudzi pano palibe mwamuna wodziwa kugwira mpeni? Tikhale ndi njala pa tsiku la Ambuye chifukwa cha anthu a ku Moatize?"

"Tadikirani pang'ono, achimwene, ali m'njira."

"M'njira, m'njira, chichokereni kutchalitchi! Kuno si kusitolo kwa anzanu."

Ndinawaona Dona Fina akuyang'ana kumsewu, kenako pansi. Ananena motsitsa mawu kuti chabwino, ipheni. A Bento anaipha mmene amaphera masiku onse, kuseri kwa khola, uku akung'ung'udza nyimbo ya kubadwa kwa Yesu.

Nyama itangoyamba kununkhira, shapa inaima kumsewu. Abiti Sumani anatsika miyendo itatupa, atanyamula kapulana yatsopano ya mnzawo ndi mulu wa masamba a a Mdyeratu amene anawasungira chisamukireni. Anakumbatirana, kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Yusufu anafunsa kuti mbuzi ili kuti. Ine ndinali pomwepo ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo ndinamva ndi makutu angawa apongozi anga akuti: "Mwachedwa, mwanangu, ndiye ndinaitanitsa munthu wa kumzikiti wa pamsika. Wachinja bwinobwino." Mawu anatuluka osalala ngati oona.

Abiti Sumani sanafunsenso. Akanafunsiranji kwa shamwali? Anasamba m'manja, anatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kudya. Anayamikira kuti nyama yafewa. Ali pakati pa mbale, a Bento anatulukira akudzandira, n'kudzitama pamaso pa onse kuti dzanja lawo silinakalambe, mbuzi ija aigwetsa kamodzi n'kamodzi, osati zomadikira mashehe.

Yusufu anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba. Mayi ake anaika pansi nthuli imene inali m'manja, anapempha madzi, anatsuka m'kamwa, kenako n'kusamba m'manja pang'onopang'ono. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Shamwali," anatero, "mukanangondiuza. Ndikanadya mpunga ndi nyemba, n'kusangalala nanu. Ine ndinabwerera inu, osati mbuzi."

Alendo anatsikira kumsewu kukadikira shapa yobwerera, mvula ikuwaza. Mapanga awiri avumbwitsa ndithu. Pofuna kusunga achimwene ndi shamwali nthawi imodzi, Dona Fina anatsala ndi a Bento okha, amene mawa lake sankakumbukira n'komwe zimene ananena.

Panapita zaka osaonana. Apongozi anga ankatumiza mbatatesi ndi mapichesi kudzera mwa Zeka, yankho n'kubwera liwu limodzi, "ndatenda", zikomo wa Chinyungwe, basi. Masamba anabwera ndi Abiti aja ndinkawawerengera ine, koma sindinkawafika pamtima. Ankati ndimawerenga ngati ndikulengeza maliro. Tsiku lina, pofuna kuwasangalatsa, ndinaloza Esinati n'kunena kuti taonani woboola poto uja. Anandidula pakamwa.

"Musiye mwana wa eni. Iwe ukudziwa chimene chinali mumtima mwake?"

Kuyambira pamenepo sindinamvenso nkhani ya poto. Ndipo Natale iliyonse ankandituma kumsika kukaitana munthu wa kumzikiti, yemwe anamunamizira uja, kuti adzachinje mbuzi yathu, ngakhale pakhomo panalibe Msilamu woti adye. A Bento ankaseka mpaka kutsokomola, ati achemwali awo alowa Chisilamu mobisa. Apongozi anga ankangopatula mwendo wa wochinja uja n'kupitiriza kusenda anyezi.

Chimene chinatsegula njira ndi anthu a m'pepala omwewo. Inali Disembala ina, nthawi ya foni ija itayamba. Nagama ndi Esinati anali atadana, ndipo wojambula anaika Esinati ataima kuseri kwa mpanda ndi mbale ya makeke m'manja, akufuna kuidutsitsa pamwamba, Nagama atamupatsa msana. Ndinkawawerengera ndemanga za anthu mothamanga. Ena ankati Nagama amusiye, mnzake wotani ameneyo. Ena ankati festa ndi nthawi yokhululuka. Kenako ndinafika pa ina, yolembedwa m'dzina la Zainabu, mwana wamkazi wa Abiti Sumani: "Wolakwa sapereka mbale pamwamba pa mpanda. Alowere pachipata ndi miyendo yake."

"Bwereza," anatero Dona Fina.

Ndinabwereza.

"Ameneyo si Zainabu. Zainabu sadziwa kuyankhula choncho, awa ndi mawu a mayi ake."

"Ndiyankhe kuti chiyani, amayi?"

Anapukuta manja ouma kale pa kapulana. "Lemba kuti Esinati wamva."

M'mawa mwake anamasula mbuzi ya Natale n'kundiuza kuti ndivale, tikupita. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Wotolera ndalama m'shapa anakana mbuzi, iwo n'kumufunsa ngati mayi ake anamulera ndi mkaka wa galimoto, anthu kuseka, mbuzi n'kulowa pansi pa mpando. Inalira njira yonse yotsika mapiri, n'kundinyowetsa phazi. Moatize tinamupeza atasintha. Kutentha kunali komwe kuja ndi fumbi lakuda lomwe lija pamasamba a mitengo, koma amuna a zipewa zolimba anali atachepa, ndipo pakhonde pamene pankakhala chiwaya panali mtsikana wogulitsa mayunitsi a foni. Dona Fina sanakwere pakhondepo. Anaima padzuwa, chingwe chili m'manja, n'kuyankhula mokweza, ogula onse akumva.

"Abiti Sumani! Ine Fina ndinakunamizani. Ndinakudyetsani chimene chipembedzo chanu chimaletsa, ndikudziwa. Ndinaopa achimwene anga kuposa kuopa kukutayani. Mbuzi iyi ndi yamoyo, ioneni ikupuma."

Abiti Sumani anatuluka kuseri kwa sikelo akutsimphina. Anaiyang'ana mbuzi ija kuyambira kunyanga mpaka kumchira.

"Yowonda ngati ya a Mdyeratu," anatero.

"Yatopa ndi ulendo, shamwali."

"Khalani pansi, mwakalamba. Yusufu! Tenga mpeni."

Tsiku limenelo Zainabu anaphika, tonse tinadya, amayi awiriwo n'kukangana za Esinati mpaka madzulo. Kungoti tsopano anali atasinthana mbali, Dona Fina akumuikira kumbuyo, Abiti akuti mtsikanayo ngouma mutu.

Mukhoza kuganiza kuti nkhani inathera pamenepo. Ayi ndithu. Ubwenzi wawo unabwerera, mafoni ankalira, ndipo Abiti Sumani anayambanso kukwera ku Zobwe. Koma akafika, ngakhale atayenda kuchokera m'mawa, mbale ikabwera ankati "ndadya kale". Ankamwa madzi, n'kusenda nthochi ndi manja awo, basi. Ankaseka bwinobwino, ankawerenga a Mdyeratu ndi mawu a m'mphuno aja, koma chophikidwa pakhomo pathu sankachikhudza. Dona Fina sanawakakamizepo. Mlendo akapita ankandiuza kuti: "Mtima wake unandikhululukira, make Nelito, koma pakhosi pake ayi. Ndikufuna ndisanafe adzadye za m'manja mwanga." Zinkawapweteka kwambiri, ndipo sankabisa.

Chaka chatha miyendo inayamba kutupa, mpweya n'kumachepa. Kuchipatala anatipatsa mankhwala n'kutiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Pofika nthawi ya mvula yoyamba anali atasiya kudya. Tsiku lina masana Abiti Sumani anafika osatiuza. Ine ndinali nditaphika msuzi wa nkhuku, imene Zeka anazinga m'mawa, poti sitinkayembekeza mlendo. Wodwala anali atatseka pakamwa kuti ndwii, mbale ikuzizira pambali pa mphasa. Abiti anainyamula.

"Zamanyazi izi, shamwali. Munthu wamkulu kukana chakudya? Taonani, ndiyambe ine."

Anatunga msuzi, monga timachitira ndi mwana wokana phala, supuni n'kumapita kukamwa kwawo. Ine ndinali pakhomo, mutu uli kwina. Dzanja la apongozi anga, limene linkalephera kunyamula kapu, linatuluka m'bulangete n'kuwagwira pamkono kuti gwi. Msuzi unatayikira pamphasa.

"Musadye. Wapha ndi Zeka."

Abiti Sumani anayang'ana supuni, n'kuyang'ana mnzawo.

"Sindinafunse, shamwali."

"N'chifukwa chake ndanena."

Mayi uja anaika mbale pansi n'kufunda nkhope ndi mpango wawo. Analira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Atadzipukuta anati: "Natale ino ndibwera ndi Yusufu. Muphike, ndidzadya mpaka kunyambita mbale."

Ha! Mukanaona. Munthu amene tinkamuyankhula monong'ona anatembenuza mutu n'kundikuwira: "Make Nelito, mpunga wagula? Nkhuni zili kuti? Usandichititse manyazi, Nagama iwe!" Tsiku limenelo anamwa msuzi uja mpaka theka. Masabata otsatira anayendetsa festa ali chigonere. Mpunga anaufuna aupapase ndi zala. Mbuzi Zeka anachita kuilowetsa m'nyumba kuti aigwire pamsana, n'kunena kuti iwonjezeredwe madeya. Ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti kwatsala masiku angati, ine n'kumayankha mochotsera. Koma thupi linali litatopa. Anatisiya Disembala atangoyamba, mbuzi ili pachingwe.

Za festa panalibe amene ankaziganiza. M'mawa wa Natale tikukonzekera za ku Misa, shapa inaima kumsewu, n'kutsika Abiti Sumani ndi Yusufu. "Ndinalonjeza," anatero, osawonjezera kanthu. Yusufu anachinja. Ine ndinaphika mpunga umene eni ake anasankha, pa nkhuni zimene analamula. Chakudya chitapsa, Abiti anakana kukhala pakhonde ndi anthu ena. Anati mbale yawo ipite m'kanyumba kophikira ka Dona Fina.

Anakhala pansi, moyang'anana ndi kampando ka apongozi anga. Anasamba m'manja, anatchula dzina la Mulungu, n'kudya pang'onopang'ono, osayankhula. Ndinkaona kuti chakudya chikuvuta kutsika, koma sanasiye ngakhale kambewu kamodzi ka mpunga. Atamaliza anapukuta mbale ndi chala.

"Ndadya, shamwali," anatero.

Anadikira pang'ono, monga munthu amadikirira yankho, kenako anandipatsa mbale.

Kanyumba kaja kalipobe. Makoma ake ndi akuda ndi utsi, ndipo pamsomali pali korona yawo ya mikanda yothothoka. Kampando kali pomwe kanali, mwendo umodzi womangidwa ndi waya, ndipo kutsogolo kwake pansi pali kadzenje kamene chidendene chawo chinakumba pokoleza moto. Mafuwa anazizira, nkhuku ina yayamba kuikira mazira paphulusa. Ine ndimaphikira panja, ngakhale kukuwaza. Ana akamathamangitsana amazungulira kuseri, salowamo. Chaka chino denga layamba kudontha pakona, ndipo Zeka akuti tikagwetse timange kena. Ndamuuza kuti adikire kaye.